Kusamala thanki ya mbuna pakhomo: njira zomwe zilipo ndi yomwe ndingasankhe

Mukalowa m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta ku Johannesburg, ku London kapena ku Berlin, simulephera kupeza thanki yodzaza tinsomba tachikasu ndi tabuluu tothamangitsana pakati pa miyala. Timeneti ndi mbuna, kwawo ndi m'nyanja ya Malawi, nyanja yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Kampani ya malemu Stuart Grant ku Kambiri Point, m'boma la Salima, inayamba kutumiza nsombazi kunja m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero zambiri zimaswanirana m'mathanki a anthu a maiko akutali. Kwathu kuno oziweta m'nyumba ngochepa, ndipo ambiri mwa omwe amayesa amagwa ulesi pakangotha miyezi ingapo chifukwa nsomba zimayamba kufa imodziimodzi. Kawirikawiri chimene chimazipha ndi katsukidwe ka thanki.

Tisanayerekeze njira, pali chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa, chifukwa kusankha konse kwatsamira pamenepo. Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha mwake ndi m'ndowe zake, ndipo zakudya zotsala zikamaola zimawonjezera wina. Amoniyayu ndi poizoni. M'thanki yokhazikika mumakhala mabakiteriya omwe amamusandutsa nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenako gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe nsomba zimatha kumupirira akakhala wochepa. Mabakiteriyawa sayandama m'madzi. Amamatirira pa siponji ya m'sefa (chida choyeretsa madzi a m'thanki), pa miyala, pa mchenga, paliponse pomwe madzi okhala ndi mpweya amadutsa. Kuti achulukane mokwanira m'thanki yatsopano pamatenga milungu 4 mpaka 6. Kwa oweta mbuna nkhaniyi njolemera kwambiri, popeza nsombazi zimafuna madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi, nambala ikakwera ndiye kuti asidi ngochepa) ya pakati pa 7.7 ndi 8.6 monga a kunyanja, ndipo pH ikakwera chonchi amoniya amaluma kwambiri kuposa m'madzi a pH yotsika. Cholakwa chomwe nsomba zina zingapulumuke, mbuna chimazigwetsa.

Choncho funso lofunsa njira iliyonse ndi ili: kodi ikuchotsa uve n'kusiya mabakiteriya ali moyo?

Kusintha madzi

Njira yoyamba ndi yomwe aliyense wokonda ukhondo amathamangira. Nsomba zonse m'ndowa, madzi onse kutaya, miyala kuikwecha ndi sopo, galasi kulipukuta mpaka mbee, kenako madzi atsopano a pampopi. Thanki imaoneka bwino zedi tsiku limenelo. Koma mabakiteriya onse apita, ndipo pakatha masiku ochepa madzi amachita mbuu ngati mwathiramo mkaka, nsomba zili pamwamba kukamwa yasa, zipsepse zitafinyika. Sopo naye satha msanga m'ming'alu ya miyala, ndipo amawononga makha. Njira imeneyi ili ndi malo amodzi okha: pamene matenda apha nsomba zonse ndipo mukuyambiranso. Ngakhale pamenepo, sopo asayandikire.

Yachiwiri ndi ya anthu otanganidwa, yongowonjezera madzi akaphwera. M'mwezi wa Okutobala madzi amauma msanga, munthu n'kumathira ndowa imodzi mlungu uliwonse, n'kumaganiza kuti akusintha madzi. Ayi. Chimene chimauluka ndi madzi okha, uve wonse umatsala. Nitrate amakwera pang'onopang'ono, pH imatsika, nsomba zakale zimazolowera movutikira, koma mukabweretsa yatsopano imafa tsiku lomwelo kapena mawa lake. Thanki yofika pamenepa musaiwombole ndi kusintha madzi ambiri kamodzi, nsomba zingadzidzimuke. Chotsani gawo limodzi mwa magawo 10 tsiku lililonse kwa mlungu wathunthu, kenako mulowe m'ndondomeko yabwino.

Ndondomeko yabwinoyo ndi kuchotsa gawo la madzi pafupipafupi, ndipo mkangano wa oweta nsomba uli pa kukula kwa gawolo. Masamu ake ngosavuta. Tiyerekeze kuti nsomba zanu zimawonjezera mamiligalamu 10 a nitrate pa lita iliyonse mlungu uliwonse. Mukamachotsa 10 peresenti ya madzi pamlungu, nitrate adzakwera mpaka kukakhazikika pa 100. Mukamachotsa 25 peresenti, adzakhazikika pa 40. Mukamachotsa theka, pa 20. Ndipo mukamadikira milungu inayi n'kuchotsa theka, adzafika pa 80 musanasinthe, n'kugwa mwadzidzidzi pa 40. Oweta ambiri amayesetsa kuti asapitirire 40, ndipo 20 ndiye wabwino koposa. Mukuona kuti kachigawo kakang'ono kamene ena amalangiza sikakwanira m'thanki yodzaza, ndipo thanki ya mbuna imakhala yodzaza mwadala, chifukwa zikachepa yamphongo imodzi yankhanza imazunza zinzake mpaka kuzipha, pomwe zikachuluka ukali wake umamwazikana. Ine ndimaima pa kotala kufikira gawo limodzi mwa atatu mlungu uliwonse. Theka ndi labwino ngati madzi atsopanowo akufanana ndi akale kutentha kwake ndi pH yake, ndiponso ngati muli ndi madzi okwanira, pakuti thanki ya malita 200 idzafuna ndowa zisanu za malita 20.

Kachotsedwe kake nakonso kali ndi njira ziwiri. Kutunga ndi jagi pamwamba kumachotsa madzi oyera n'kusiya ndowe pansi. Paipi yokokera madzi, yomwe kumutu kwake kuli chubu chachikulu choonekera mkati, ndiyo imagwira ntchito yeniyeni. Mukaizika m'timiyala mumaona timiyalato tikuvina m'chubumo, utsi wakuda wa zinyalala ukukwera n'kutsikira m'ndowa, timiyala n'kugweranso pansi titayera. Pamchenga musazike, ingoyendetsani chubucho chala chimodzi pamwamba pake mozungulira, ndowe zimanyamuka zokha. Amene alibe chubu chogula atha kudula pansi pa botolo lapulasitiki la theka la lita n'kulumikiza paipi kukamwa kwake. Musakoke madzi ndi pakamwa, mizani paipi yonse m'thanki idzaze, tsekani kumapeto ndi chala, kenako tsitsirani m'ndowa. Ndipo muzimitse hita musanayambe. Hita yagalasi ikatsala pamtunda ili yoyaka imatentha n'kusweka madzi ozizira akaikhudza.

Ndowa ya nsomba ikhale ya nsomba basi. Ilembeni chizindikiro, ndipo apakhomo onse adziwe kuti siyochapira kapena kukolopera.

Madzi ochokera kuti

Madzi a pampopi ndi omwe ambiri a m'tauni ali nawo, ndipo mumakhala mankhwala a klorini omwe amapha mabakiteriya a m'sefa ndi kuwotcha makha a nsomba. Pali njira ziwiri zowachotsera. Kuwasiya madziwo m'chidebe chosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka mukuwaphulitsira mpweya, sikulira ndalama ndipo klorini amauluka. Mankhwala a m'botolo ochotsa klorini amagwira nthawi yomweyo, ndipo botolo limodzi limakhalitsa. Koma abale okhala ku Johannesburg achenjere: kampani yawo ya madzi, Rand Water, imathiranso mankhwala ena otchedwa chloramine, omwe sauluka ngakhale madzi atakhala masiku angapo, kotero kumeneko mankhwala a m'botolo ngosazembeka. Okhala ku London ali ndi mwayi woti madzi awo ali ndi laimu wambiri, mbuna zimawakonda, pomwe a ku Manchester madzi awo ngofewa ndipo ayenera kuwonjezeramo zowalimbitsa. Kwathu kuno, madzi akabwera atasowa kwa masiku, oyambawo amakhala amatope ndi dzimbiri la m'mapaipi. Asiyeni atayike kapena athirireni maluwa.

Madzi a pamjigo alibe klorini, zomwe n'zabwino. Vuto lake ndi loti amatuluka pansi opanda mpweya wokwanira, ena ali ndi chitsulo chomwe chimawafiiritsa akakhalitsa, ena pafupi ndi zimbudzi kapena minda ya feteleza amabwera kale ndi nitrate, ndipo m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje ngamchere. Ayezeni kaye, ndipo agone usiku umodzi m'chidebe. Madzi a mvula ndiwo osayenera kwenikweni kwa mbuna akakhala okha. Alibe michere yogwira pH kuti isagwe, ndipo amatsuka fumbi ndi zitosi za padenga. Ngati mulibe ena, muwonjezere soda wa m'paketi, yemwe uja wothira m'therere, kasupuni kamodzi ka tiyi pa malita 50, mutamusungunula kaye m'kapu, ndipo muyeze pH musanathire m'thanki. Njira yofatsa kuposa soda ndi kuika zigoba za nkhono zophwanya kapena miyala ya laimu m'thanki, zomwe zimasungunuka pang'onopang'ono. Mwala wa laimu mumaudziwa poudonthezera viniga, umachita thovu.

Sefa, ndi nkhani ya magetsi

Apa ndiye pamene malangizo olembedwa ku Ulaya amatisocheretsa, chifukwa olembawo saganiza zoti magetsi angathime kwa maola 8.

Sefa yaikulu yokhala kunja kwa thanki, yooneka ngati chigubu chotsekedwa pansi pa tebulo, ndiyo imatamandidwa kwambiri, ndipo m'pomveka. Imanyamula siponji ndi timiyala tambiri, imayeretsa madzi mpaka nsomba kuoneka ngati zikuuluka m'mlengalenga, siisokosa, ndipo mumaitsegula kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Koma ndi yodula kuposa zonse, ndipo chigubucho n'chotsekedwa. Magetsi akathima, mabakiteriya a mkatimo amatha mpweya m'maola ochepa, amayamba kufa, zinyalala zimaola mopanda mpweya, ndipo magetsi akabwera sefa ija imalavulira madzi onunkha ngati dzira lovunda m'thanki. Izi zimachitika ngakhale pakati pa usiku inu muli mtulo. Amene ali ndi sola kapena inveta yodalirika aigule, sadzadandaula. Amene alibe ayenera kukhala wokonzeka kuizula pasoketi magetsi akathima nthawi yaitali, kuitsegula, ndi kutaya madzi a mkatimo asanaiyatsenso.

Sefa yokoleka kumbuyo kwa galasi njotseguka pamwamba, kotero mpweya umafikako ndithu, ndipo kuitsuka n'kosavuta. Ina magetsi akabwera siyamba yokha kukoka madzi, imangolira youma mpaka wina athiremo kapu ya madzi, ndipo injini yake imatha kupsa. Opanga ake amakonda kuuza ogula kuti azitaya kathumba ka mkati mwezi ndi mwezi n'kugula kena. Kumeneko ndi kutaya mabakiteriya anu pamodzi ndi ndalama. Dulani siponji yokwana malowo, ikhala zaka.

Sefa yomira m'thanki momwemo yokhala ndi injini yake njotchipa, imayendetsa madzi mwamphamvu, koma siponji yake njaing'ono ndipo imatsekeka msanga. Njabwino ngati yothandizira. Sefa yoyala pansi pa timiyala muiiwale, mbuna zimakumba mpaka kufika pa pulasitiki yake, madzi n'kumangodutsa pa dzenje limenelo.

Yotsala ndi sefa ya siponji yoyendera mpweya, yomwe anthu amainyoza chifukwa cha maonekedwe. Ndi chibulunga cha siponji chakuda chokhala pakona, kapaipi kochokera ku pampu ya mpweya kakulowa pakati, thovu likukwera n'kumakoka madzi kudutsa m'siponjimo. Siigwira tizinyalala tating'onoting'ono ngati chigubu chija, ndipo pampu yake imang'ung'udza. Koma taonani zomwe imachita. Pampu ya mpweya imadya mawati ochepa kwambiri, moti ilipo yoyendera mabatire ndi ina yoyendera USB yomwe pawabanki ya foni imaiyendetsa usiku wonse. Ngakhale itaima, siponjiyo ili m'madzi a thanki yonse, mabakiteriya ake safa msanga. Mulibe injini yoti ipse. Ana a nsomba sakokedwa, amadya tizakudya tomatirira pamenepo. M'malo oswetsera nsomba zogulitsa, komwe nsomba ikafa ndi ndalama yatayika, mumapeza masefa a siponji m'mathanki mizere yonse. Kwa munthu wa ku Lilongwe, Lusaka, Tete kapena Harare, komwe magetsi ngosadalirika, ndingasankhe masefa a siponji awiri akuluakulu m'thanki ya malita 200, ndi kuwonjezera kasefa komira kamodzi kotola zinyalala ngati thumba likulola. Awiriwo ali ndi ubwino wina: mumatsuka imodzi mlungu uno, inayo pakapita milungu iwiri, kotero theka la mabakiteriya limakhala losasokonezedwa nthawi zonse.

Sefa iliyonse yomwe mwasankha, katsukidwe kake n'kamodzi. Tengani madzi omwe mwangochotsa m'thanki, mizani siponji m'ndowamo, finyani kangapo. Madzi adzada bii, ndipo siponji idzapepuka m'manja koma idzakhalabe yoderako ndi kafungo ka dothi lonyowa. Lekerani pomwepo. Kuitsuka pampopi kufikira itayera ndi kuipha. Madzi akudawo ndi manyowa abwino a ndiwo zamasamba za kuseri kwa nyumba.

Magetsi akathima m'nyengo yozizira, mu Juni ndi Julaye pamene usiku wa ku Dedza kapena Mzuzu umaluma, fundikani thanki ndi bulangeti. Mbuna zimafuna madigiri 24 mpaka 28, ndipo madzi ambiri amachedwa kuzizira, chomwe ndi chifukwa chinanso chogulira thanki yaikulu m'malo mwa kambale kagalasi kozungulira. Musazidyetse mpaka magetsi abwere. Nsomba yathanzi imatha masiku angapo osadya, ndipo chakudya chimangowonjezera amoniya pa nthawi yomwe sefa yaima. Ngati mulibe pampu ya batire, tungani madzi ndi jagi n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo pa ola, kuti pamwamba pa madzi pagwedezeke.

Ndere

Anthu amadana nazo ndere, koma m'thanki ya mbuna si mdani weniweni. Mukasambira ku Cape Maclear, m'paki ya Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, mudzaona mbuna zitaweramira pa matanthwe zikupala ndere ndi mano awo. Ndicho chakudya chawo. Choncho ndere zobiriwira za pa miyala ndi pa galasi lakumbuyo zisiyeni. Galasi lakutsogolo lokha ndilo lofunika kupala, ndipo khadi yakale ya pulasitiki imagwira bwino ngati chopalira chogula cha maginito. Maginitowo ngosangalatsa chifukwa manja sanyowa, koma kamchenga kamodzi kakalowa pakati kamakanda galasi mzere wosafufutika. Siponji yakukhitchini ayi, zina zimabwera zitathiridwa kale mankhwala.

Ena amagula nsomba yoyamwa galasi yotchedwa pleco kuti iziwagwirira ntchito. Yamtundu wamba imakula kupitirira masentimita 30, imatulutsa ndowe zambiri kuposa ndere zomwe imadya, ndipo ikakula imachita ulesi. Kwawo ndi ku South America, ndipo m'maiko momwe anthu anaitaya m'mitsinje yasanduka chilombo chokumba magombe. Ngati muli nayo ndipo yakukwanani, ipatseni mnzanu woweta, isalowe mumtsinje kapena m'damu lililonse. Mankhwala opha ndere nawonso sindiwalimbikitsa, ndere zikafa zonse nthawi imodzi zimaola n'kumaliza mpweya. Ndere zikachuluka mopyola, gwero lake ndi kuwala ndi chakudya. Chotsani thanki pawindo lolowa dzuwa, nyali iyake maola 6 mpaka 8 patsiku, ndipo muchepetse dzanja podyetsa.

Kudyetsako ndi theka la ukhondo wa thanki. Zomwe nsomba sizingamalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri n'zochuluka. Mbuna zili ndi matumbo aatali ogayira zomera, ndipo zikamadya zanyama zambiri zimadwala matenda otupa mimba omwe oweta nsomba a kunja anawatcha dzina la dziko lathu, Malawi bloat. Nsomba imasiya kudya, imatulutsa ndowe zoyera zonga ulusi, imabisala, kenako mimba imafufuma. Chakudya chokhala ndi ndere zotchedwa spirulina, ndi apo ndi apo nsawawa zobiriwira (peas) zophika zosenda kapena kachidutswa ka nkhaka, n'zomwe zimayenera. Nsima ndi buledi zimangosungunuka n'kuipitsa madzi.

Kuyeza ndi maso kapena ndi zida

Madzi oyera mbee atha kukhala ndi amoniya wopha, maso saona. Timapepala toviika m'madzi n'totchipa ndi tachangu, koma tikagwidwa ndi chinyezi cha dzinja timanama, ndipo tambiri sitiyeza amoniya n'komwe. Zida za timabotolo todontheza ndi zodula poyamba koma zimanena zoona ndipo zimayeza kambirimbiri. M'milungu yoyambirira ya thanki yatsopano n'zofunikadi. Amoniya ndi nitrite ayenera kukhala pa 0, palibe kukambirana. Thanki ikakhazikika, kuyeza nitrate kamodzi pamwezi kumakuuzani ngati gawo la madzi lomwe mukuchotsa likukwanira, ndipo akapitirira 40 muwonjezere ndowa imodzi pa zomwe mumachotsa.

Pa tsiku lotsuka, yang'anani nsomba musanalowetse dzanja. Mukaona yaikazi yomwe yaima payokha kuseri kwa mwala, pakhosi pake patatupa, kukamwa kukutafuna pang'onopang'ono koma chakudya osachilabadira, imeneyo yafungatira mazira m'kamwa, ndipo idzawasunga choncho pafupifupi milungu itatu. Mlungu umenewo musasunthe miyala ya mbali yake ndipo paipi ipite kutali, ikachita mantha imalavula mazira kapena kuwameza. Madzi sinthani monga mwa nthawi zonse, koma atsopanowo muwathire pang'onopang'ono pa mbale yoikidwa pansi pa thanki kumbali inayo, kuti mchenga usavunduke. Ngati muli ndi bala m'manja valani magolovesi, popeza m'madzi a nsomba mumatha kukhala kachilombo ka Mycobacterium marinum komwe kamayambitsa zilonda zochedwa kupola, ndipo mukamaliza sambani m'manja ndi sopo kutali ndi ndowa ya nsomba.